Ati Agogo Ndi Bwenzi la Njuzu

Ndiye iwe Shylet, wamva zomwe akuwanenera agogo oyandikana nafe pakomboni aja? Ati ndi bwenzi la njuzu, mzimu wa m'madzi wotenga anthu uja! Ine zandinyansa, sha, mnzanga.

Ukawaona akusankha fodya mushedi sungawaganizire n'komwe. Koma akafika kudamu la pafamu, amavula duku, kupuma kawiri mofatsa, n'kumira ngati akulowa m'nyumba mwawo. Pansipo sapupuluma ayi, amatsegula maso n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono. Amakonda kutiuza kuti, "Ana inu, mukamira lekererani mapewa. Mukayamba kuphiriphitha, mpweya umatha msanga."

Lamlungu lapitali Talandira, kamwana ka amai Anesi, kanaterereka pamwala wochapira kudamuko n'kusowa m'madzi. Azibambo athunthu anangoima m'mbali akukuwa kuti, "Pasalire munthu, yamutenga njuzu! Mukalira sabwerera!" Amai Anesi anadziluma mlomo kuti asalire. Agogo anangoti, "Tandigwirirani dukuli," n'kulowa. Madzi anati zii, ife mitima ili m'mwamba. Kenaka tinangoona avuuka mwana ali m'khwapa, akusanza madzi, wamoyo!

Lero azibambo omwe aja ndi amene akuti munthu wamba sangakhalitse pansi choncho, mpaka aletsa akazi awo kukapala moto kwa agogo. Manyazi alibe anthu amenewa!

Agogo akungoseka, ati njuzu imene anaipeza pansipo ndi waya wakale yemwe anakola diresi la mwana. Loweruka akatiphunzitsa kumira, wofuna kunena anene. Ndidzakudutsira ukatha kuchapa, usaiwale nsalu yosinthira.