Tsiku Limene Macheka a Chigwetsa Anakana Kulira

Kuno mtengo ukayamba kuopseza denga la munthu, amaitana a Chigwetsa. Dzinali anawapatsa chifukwa cha ntchito yawo. Anayamba ndi nkhwangwa akadali mnyamata, ndipo atakula anagula macheka a injini. Ndi bambo wamfupi, wosakonda zoyankhula, ndipo sathamanga ngakhale mvula iwapeze panjira. Wowagwirira chingwe chokokera mtengo anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, munthu wa pakamwa posatseka. Awiriwa ankanyozana kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

M'mawa wina anabwera kudzagwetsa mtengo waukulu umene unapendekera ku mpanda wa sukulu yathu. Ana tinawatsekera m'makalasi, koma mazenera onse anadzaza timitu. Palibe amene ankadziwa kuti mtengowo unali wofumbwa m'kati. Asanamalize kudula, unathyoka wokha n'kutembenukira kumene kunali mlamu uja. Fumbi litatsika tinawaona ali chagada, mwendo wamanja utapanikizidwa ndi nthambi yaikulu. Thunthu linali pamwamba pa chifuwa chawo, litangotsamira pa kanthambi kamene kanazika pansi. Kanthambiko kankang'aluka pang'onopang'ono, ndipo tonse tinkakamva.

Amuna anathamangira kuti anyamule.

"Musakhudze!" anakuwa a Chigwetsa. "Mukatukula uku, ligudubukira pa iwo. Ndidule kaye nthambiyi."

Machekawo anali atazima pamene anawaponya pansi. Anawatola n'kukoka chingwe cholizira injini. Zii. Anakokanso. Zii.

Pa macheka otere pali kabatani kotsekera mpweya, kamene amati choki. Amakatseka poliza injini yozizira basi. A Chigwetsa amadziwa zimenezi ngati dzina lawo, koma tsiku limenelo chala chinakatseka chokha injini ili yotentha. Anakoka, kukoka, kukokanso, mpaka thukuta linawalowa m'maso. Anatsegula thanki: petulo analimo. Anayang'ana batani loyatsira: linali pamalo pake.

Akazi awo, amene amagulitsa zipatso pa geti, anafika chitenje chili m'manja.

"Mayo ine, achimwene! Inu bambo, lizani chinthucho!"

"Chikukana!"

"Chikukana bwanji lero? Mundiphera m'bale wanga!"

Mlamu uja anayankhula ali pansi pomwepo. "Alamu, fungo la petuloli likundipeza kuno. Mwaimwetsa injiniyo. Ukalamba umenewu, mwatseka choki eti?"

A Chigwetsa anayang'ana kabatani kaja, nkhope yawo n'kugwa.

"Khalani chete inu, sungani mpweya."

"Ndikakhala chete muziti ndafa. Komatu mwendowu sindikuumvanso."

Injini ikamwa petulo wambiri, kukoka chingwe kumangoonjezera vuto. Pamafunika kumasula pulagi yoyatsa petuloyo, kuipukuta, n'kudikira kuti m'kati muume. Kudikirako ndiko kunali kowawa. Wina anabwera ndi nkhwangwa, koma a Chigwetsa anamubweza, nati kutema kungagwedeze thunthu. Anatiuza kuti tisanje njerwa pansi pake, ndipo tinkaziika ngati tikuika mazira, mitima ili m'mwamba.

Pulagi inatuluka yakuda, yonyowa. Poipukuta ndi malaya, inawapulumuka n'kugwera mu utuchi. A Chigwetsa anagwada n'kuyamba kupapasa pansi ngati munthu wosaona. Kanthambi kaja kanang'alukanso, thunthu linatsika n'kukhudza njerwa za pamwamba. M'kalasi mwana wina anayamba kulira, anzake n'kumutsatira.

"Nayi!" Akazi awo ndiwo anaipeza. Anaipukuta ndi chitenje, n'kuiuzira ngati akukoleza moto.

A Chigwetsa anatembenuza machekawo chadodolido, nakoka chingwe kangapo kuti petulo wotsalira atuluke. Kenaka anaima, maso ali pa mlamu wawo, milomo ikuyenda koma osamveka mawu.

"Mukupemphera kapena mukundinena?"

"Zonse ziwiri."

Anabwezera pulagi ndi kutsegula choki. Atakoka, injini inatsokomola n'kuzima. Akazi awo anaphimba kumaso. Atakokanso inalavula utsi wambiri, kenaka inalira mpaka ana analeka kulira.

Anadula nthambiyo mosamala kwambiri, akuletsa aliyense kuyandikira. Itangolekana, amuna awiri anagwira mlamu uja m'khwapa n'kuwakokera poyera. A Chigwetsa anazimitsa machekawo n'kukhala pansi mu utuchi momwemo.

Powakweza m'galimoto ya ku chipatala, mlamu uja anakuwa mwamphamvu.

"Alamu! Mwendo ukupweteka!"

A Chigwetsa anadzutsa mutu. "Mukuumva?"

"Ndikuumva mpaka m'mano!"

"Uzipweteka choncho, musauletse," anatero, misozi ikutsikira m'ndevu.

Fupa linali litathyoka pawiri, koma mwendo sanaudule. Masiku ano mlamu uja amayenda motsimphina, ndipo a Chigwetsa anawaletseratu kugwira chingwe. Ntchito ya mlamuyo ndi kunola tcheni cha macheka atakhala patali ndi mtengo, kumene mawu awo okha ndi amene amafika.