Dothi la pa ekizozi

Mwana wanga wachiwiri amachita kabaza wa njinga yamoto pa Njuli, ndipo pakhomo pathu timadya za njingayo. Chaka chatha, nthawi yothyola nandolo, anachotsa ekizozi imene inabwera ndi njinga n'kuikapo ina yonyezimira yogula ku Limbe. Ankati anzake onse ali nazo. Kuyambira pamenepo njinga inkaphulika ngati mfuti potsika mtunda, ikaima n'kuzima yokha. Polumikizira paipi yatsopano ndi yakale, pansi pa chopondera cha wokwera kumbuyo, pankatuluka mpweya wotentha. Lachitatu lina mpweyawo unawaula mwendo wa mayi wochokera kusikelo ali ndi khanda kumsana.

Atcheyamani a pa siteji sanachulutse mawu. Lachisanu masana abwere nayo ili bwino, apo ayi asadzaimenso pa siteji.

Lachinayi iye atapita kukapepesa kwa mayi uja, ndinagwada pambali pa njinga. Mwaye unali bii pamene pankatulukapo. Ine ndinakula ndikuumba mbiya, ndiye ndinati ming'alu ndimaidziwa. Ndinakanya dothi ndi phulusa, ndinamata, kusalaza ndi chala, kenako kudetsa ndi makala kuti mwana wanga asaone. Ndinapempherera ntchito yangayo, ndipo sindinauze munthu.

M'mawa wa Lachisanu mwana wanga anaikankha njingayo kupita kwa amakanika, bambo achikulire a Chiyao amene amatseka galaja azana yoitanira anthu kukapemphera ikangolira kumzikiti. Ndinatsatira ngati ndikukagula mchere.

Amakanika analiza injini, anapaka thovu la sopo molumikizira monse, nayang'ana ngati lingafufume. Dothi langa linagwira. Thovu linangokhala duu.

"Achimwene, apa sipakutuluka kanthu," anatero.

"Pakutuluka, bambo. Munthu wapsa mwendo."

"Wapsa ndi chiyani, dzuwa? Mwina vuto lili kumutu kwa injini. Koma ndikamasula kumeneko, muitenga mawa."

Mwana wanga anakhala pa tayala atagwira kumutu. Amakanika anayamba kusankha masipanala. Dzuwa linali litakwera kale, ndipo anthu ena ankadutsa atavala mikanjo. Mumtima ndinkangoti, Ambuye, nditsegule pakamwa kapena ayi? Ndikanena, manyazi pamaso pa anyamata onse. Ndikapanda kunena, amasula injini yopanda mlandu ndipo masana apita.

"Bambo," ndinatero, "takandani pansi pa choponderapo."

Anakanda ndi chikhadabo, n'kununkhiza.

"Mayi, mwaumba mphika pa njinga?"

Akabaza awiri amene ankadikira anagwa nacho chiseko. "Aphike nyemba momwemo," anatero mmodzi. Mwana wanga sanaseke. Anangondiyang'ana, n'kunena motsitsa, "Amayi, dothi limeneli likanagwa panjira ndili ndi munthu kumbuyo." Zinali zoona.

Atapala dothi lonse, mpata unaonekera: paipi yatsopano inali yaikulu kukamwa kuposa yakale. Anadula kachitsulo kopyapyala, anakulunga pa yakaleyo, analowetsa, n'kumanga ndi kilampu yatsopano. Thovu linafufuma mbali imodzi. Anamasula, anayambanso. Kachiwiri linakhala chete.

Ndinaganiza kuti zatha, koma anazula pulagi n'kundionetsa. Inali yoyera ngati ufa.

"Paipi iyi imatulutsa mpweya msanga, ndiye injini ili ndi njala ya petulo. N'chifukwa chake ikuphulika."

Anagwada pa kabuleta, posakanizira petulo ndi mpweya, khutu pafupi, akupotokola kasikulu pang'onopang'ono. Azana inayamba. Sanadzuke. Anapotokola, injini inatsamwa, anabweza. Kenako kuphulika kuja kunatha, injini n'kumalira mofanana osazima. Anapukuta m'manja n'kuthamangira kumzikiti. Mulungu awadalitse bambo amenewo.

Pa siteji atcheyamani anamvetsera injini, nati akufuna munthu akwere kumbuyo mpaka pa chipatala n'kubwerera. Amayi ogulitsa tomato onse anayang'ana kumbali.

Ndinakwera ineyo. Ndinaika phazi pa chopondera chomwecho, ndikudikira moto njira yonse, potsika mtunda ndikunena Salimo chamumtima. Titabwerera atcheyamani anawerama, anagwira pa kilampu, kenako anandifunsa ngati ndamva kutentha.

"Ayi, bambo."

"Chabwino," anauza mwana wanga. "Kaime kumapeto kwa mzere."