Gadiyani wanga akusambitsa mayi a eni

Sabata ino ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi, kupita kuchipatala kukaonetsa diso langa lakumanzere. Lakhala likuchita chifunga kuyambira chaka chatha, moti ndime mumawerengayi ndimailemba nditapendeketsa mutu ngati nkhuku yaona kabawi. Adokotala ataliunika ndi katochi kawo anati ndi ng'ala, ndipo n'zotheka kuichotsa. Mtima unakhala pansi. Koma ndisanamalize n'kuthokoza komwe, namwino wina wachitsikana anandifunsa funso.

"Amayi, tsiku la opareshonilo mubwera ndi ndani? Popanda gadiyani sitikugonekani. Tikamata disolo pafunika wokugwirani dzanja."

Ndinangotola kachikwama kanga n'kutuluka, dzina loti nditchule ndilibe.

Inu awerengi mukudziwa kuti chipatala cha kwathu kuno sichigoneka munthu mmodzi. Chimagoneka awiri, wodwala pabedi, gadiyani pansi pachitenje. Gadiyani ndiye amakoleza moto kuseri n'kuphika phala, amachapa, amakuperekeza kuchimbudzi, amathamangira anamwino diripi ikatha. Sukulu yake kulibe, malipiro kulibe. Ukangobadwa mwana wa munthu, basi ntchitoyo waipeza kale.

Mwana ine ndili naye, mmodzi yekha, dzina lake Tiyamike. Bambo ake anatisiya iye ali ku sekondale. Panopa ali ku Ulaya, dziko lozizira kumene akuti miyezi ina dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Ntchito yake kumeneko? Musaseke. Ndi gadiyani.

Kusiyana kwake n'koti kumeneko ugadiyani uli ndi yunifolomu, uli ndi maola ake, ndipo mwezi ukatha amalandira. Tiyamike amayenda m'nyumba za okalamba, koma amene amandiuza kwambiri za iwo ndi mayi ena achizungu amene amawasambitsa m'mawa uliwonse. Akuti bedi lawo limadzuka lokha ukadina batani. Madzi otentha amatuluka pampopi. Mankhwala amachita kuwabweretsera pakhomo, ndipo pakhosi amavala kachipangizo koti akagwa angokadina, ambulansi yafika. Ine ndikagwa kubafa kwangaku, oyamba kudziwa adzakhala abakha.

Nditamva zonsezi ndinasirira, sindinama. Ndinamufunsa kuti nanga ana awo ali kuti. Akuti alipo, m'dziko lomwelo, amaimba foni ndipo pa Khirisimasi amabwera.

"Amayi, ndikamatsanzika amandigwira dzanja, amati khala pang'ono," anandiuza tsiku lina Tiyamike. "Koma nthawi imakhala yakwana, kwina akundidikira. Ndimachita kuchotsa zala zawo chimodzichimodzi."

Mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Zala zimenezo ndimazidziwa ngakhale sindinazione.

Musaganize kuti ndikunyoza kunja. Mwana wangayu anamaliza koleji, satifiketi yake inakhala m'sutikesi mpaka kuyamba kununkha mankhwala a njenjete. Anaperekerapo zakudya pa loji ina ku Senga Bay, ntchito yoti alendo akachepa amakuuza kuti uyambe wapuma kaye. Anagulitsapo kaunjika. Ndinkamuona akubwera madzulo mapazi ali mbuu, nkhope yakugwa, ndipo ndine ndemwe ndinkasala kudya kupempherera kuti mapepala ake a ulendo atheke. Atatheka ndinavina pabwalo la ndege, anthu n'kumandiyang'ana. Lero denga langa silidontha, ndipo ndimawerenga ndi magetsi a sola. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma sananene kuti matopewo udzawaponda wekha.

Ndipo si ine ndekha. Tayendani kuchokera kunyanja kuno kulowera kwa Maganga, muwerenge nyumba za malata onyezimira. Mukagogoda mupeza nkhalamba ndi wailesi. Anyamata ali ku Joni, ena kuminda ya mayiko akutali, atsikana akukolopa m'nyumba za Aluya. Timamanga nyumba za zipinda zambirimbiri n'kumagona chimodzi, zinazo tasungiramo chimanga ndi njinga yakufa. Mayiko enawo ali ndi ntchito koma alibe manja, ndiye amadzatenga athu. Nanga chipatala chathu, chimene chimadalirabe kuti aliyense ali ndi mwana woyala chitenje pansi, anachiuza ndani kuti anawo anapita?

Nditabwerako kuchipatala Tiyamike anaimba foni ya vidiyo, ali pa siteji ya basi, atavala chijasi mpaka m'makutu.

"Akuti chiyani za disolo?"

"Akuti ndi ng'ala, achotsa."

"Ndiye mupita ndi ndani?"

Funso lomwe lija, tsiku lomwelo. Ndinaona maso ake akulengeza misozi.

"Ndipemphe tchuthi, amayi? Ndibwere?"

Ndinafuna kunena kuti inde. Mulungu akudziwa kuti ndinafuna. Koma ndikudziwanso kuti mapepala ake anawamangirira pa ntchito yomweyo, ndipo pali ambiri akudikira malo ake.

"Usayerekeze," ndinatero. "Kuno anthu ndi mbwee. Akuchita kulimbirana."

Anaseka akupukuta mphuno, basi yake inafika, foni inaduka. Ndinakhala pakhonde, nyumba ili zii. Ndinasungulumwa kuposa tsiku limene tinaika bambo ake, chifukwa tsiku limenelo pakhomo panali anthu.

Ndili pomwepo anatulukira Abiti Juma, oyandikana nawo nyumba, amene amagulitsa usipa wouma. Ana awo aamuna onse ali ku Joni. Anabwera akutsimphina, lichero lili pamutu.

"Aphunzitsi, mwakhala ngati mwaferedwa bwanji?"

Amanditchulabe choncho ngakhale choko ndinachisiya kalekale. Ndinawafotokozera zonse, ndi bodza lomwe ndinamuuza mwana lija. Anatula lichero, n'kukhala pansi mwendo atautambasula.

"Ndiye mukulira zimenezo? Inshallah ndikakudikirirani ine. Phala ndimatha kuphika, ndipo anamwino sindiwaopa. Koma mumve bwino. Bondo langali nalonso akuti likufuna mpeni. Tsiku langa likadzafika, chitenje choyala pansi chidzakhala chanu."

"Nanga usipa wanu?"

"Usipa wouma suthawa."

Tinagwirana chanza ngati tagulitsana mbuzi, ndipo tinaseka mpaka kutsokomola.

Tsono gadiyani ndamupeza. Ndi wamkulu kuposa ine, ndipo pokwera masitepe a kuchipatala sindikudziwa kuti adzagwira dzanja la mnzake ndani. Tidzapita choncho, wina diso limodzi, wina mwendo umodzi. M'mawa umenewo mwana wanga adzakhala akuyesa madzi ndi chigongono kuti asawotche mayi a eni, ndipo sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'china. Ine ndi Abiti Juma tilipo awiri, ndipo sitidzachoka tsiku limodzi. Wotsalayo namwino akadzamufunsa kuti, "Amayi, mubwera ndi ndani?" adzatchula dzina la yani?