Zitsime Ndinamanga Ndine, Dzina ndi la Ena

Inu owerenga, ine anandipweteka ndi manyazi. Ndinasayina pepala lomwe mtima wanga unkalikayikira, poopa kuoneka wamwano.

Ndimamanga zitsime m'madimba a kachewere ku Lifidzi. Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi malemu bambo anga, ndipo anandiphunzitsanso kulemba dzina langa ndi msomali simenti isanaume. Mlimi akasirira chitsime cha mnzake, ankawerenga dzinalo n'kundifunafuna. Umo ndi mmene ndinkapezera ntchito.

Chaka chatha gulu lina la alimi linafuna zitsime zambiri, koma kwa mmisiri wotha kupereka fatura, pepala lovomerezeka losonyeza mtengo wa ntchito. Ine ndinalibe mapepala. Njira zinali ziwiri: kupita ku Ulongwe kukalembetsa kuti ndiime pandekha, kapena kulowa mu empereza ina, kampani yomwe imalandira ntchito m'dzina lake, amisiri n'kumangowapatsa salariyo. Maofesi ndinkawaopa, poti kumeneko zonse ndi za m'Chipwitikizi, ndipo changa n'cha kusukulu ya kumudzi.

A shefe, akulu a empereza ija, anabwera okha kwathu, atanyamulira amayi shuga. Kukayika kunayambira pamenepo. Munthu wamkulu chotere n'kudzanyengerera ine? Pondiwerengera kontaratu, pepala la mgwirizano wathu, chala chawo chinathamanga kwambiri pa tsamba lachiwiri. Amayi anandinong'oneza kuti, “Mwanawe, mlendo wa shugayu pali chimene waona.” Ndinafuna kupempha kuti pepalalo ligone, ndikawaonetse aphunzitsi anga akale. Koma a shefe anali atanditambasulira kale cholembera, akumwetulira, ndipo ndinachita manyazi kuwabweza.

Salariyo inkabwera, ndisaname. Koma tsamba lachiwiri lija linkati pa chitsime chilichonse pazikhomedwa chikwangwani cha empereza, dzina langa ayi. Tsiku lina ndinalemba dzinalo mobisa kuseri. A shefe atabwera kudzayendera, anandiuza kuti ndilimate ndi manja angawa. Zitsime zitatha anati ntchito yachepa, ndikapume kaye. Lero alimi amaimba nambala ya pa chikwangwani, kumabwera mmisiri wina.

Sindikuti empereza zonse n'zoipa. Koma inu anzanga amisiri, mtima ukakayika, pepala ligone. Pezani wokuwerengerani amene sapindula nalo kanthu, ndipo funsani kuti pa ntchito yanu pakhala dzina la yani. Ulemu umene umakuletsani kufunsa si ulemu.

Panopa ndayamba kuyendera maofesi ndinkawaopa aja. Mzere ndi wautali, Chipwitikizi chikundivutabe, koma msomali wa bambo uli m'thumba.