Chigamba cha pa Kheni ya Alamu

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ndi amene anaba chitsulo cha agogo. Akane bwanji, ine ndikudziwa.

Agogo anabwera nacho kuchokera kunkhondo ya ku Burma. Chinali chibenthu cha phiko la ndege ya Ajapani, kukula ngati mbale, chopepuka, chosachita dzimbiri. Mbali ina chinali ndi penti yofiira, m'mphepete timabowo ta misomali pamzere. Ankati ndegeyo inali yaing'ono, ya injini imodzi, woyendetsa kutsogolo, wamfuti kumbuyo. Matayala sinkapinda, inkangobwera miyendo ili lende ngati kabawi, n'kutaya mabomba. Agogo atamwalira, chitsulocho chinatsala ndi ine, ndinachisomeka kudenga.

Alamuwo amakhoma zidebe pa Mayani. Tsiku lina anachitsitsa, n'kuchigogoda ndi chala.

"Alamu, chitsulo chabwino chonchi chizingogona?"

Ndinati chisiyeni. Titabwerako kumaliro ku Kasina, kudenga kunalibe kanthu.

Kenaka kudimba ndikuona kheni yawo yothirira mbatatesi ili ndi chigamba chatsopano kunsi, choyera mbee, timabowo tomatamata tili pamzere.

"Ichi mwachitenga kuti?"

"N'cha minibasi yakugwa, alamu. Inu ndege munaionapo ikuthirira mbatatesi?"

Anaseka. M'mawa mwake chigamba chija anachipaka phula. Munthu wosalakwa apakiranji phula?

Mlongo wanga akuti ndisiye, ndithetsa banja. Banja lawo ndilibe nalo ntchito. Alamu, bweretsani kheniyo pakhomo panga, mukanganule chigambacho ine ndikuona. Kuseri kwake kukapezeka kofiira, mundipatse chitsulo changa, kheni yanu izidontha.