Nkhope Youma ya Malambo

Malambo anali Mtonga wa kukomboni ya Dambwa, wometa anthu pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pokwerera maminibasi. Kumeta kwake sikunali kwa patali, tisanamizane. Anthu ankadzaza benchi chifukwa cha pakamwa pakepo.

Cha mu 1993, mzungu wina wodzaona mathithi anasiya tepi m'kanyumba koonetsera mavidiyo kukomboni ya Linda. Munali amuna awiri a pa TV ya ku Scotland, ntchito yawo kunyozana basi, nkhope zili gwa, osamwetulira n'komwe. Chingerezi chawocho ngakhale aphunzitsi chinkawapita pambali. Koma Malambo ndi mnzake Mundia, Mlozi amene anali atangochotsedwa ntchito kunjanji, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Aba ni chimbuya chabe," anatero Malambo. Kuno Mtonga ndi Mlozi amatchulana mbuya, ndipo amanyozana popanda mlandu, ngakhale pamaliro, ndiye awiriwa anaona kuti azunguwo akudyera chinthu chimene iwo anabadwa nacho.

Anayamba kuchita sewero lonyozanalo m'mabala, kenaka kumaukwati. Lamulo anatengera patepi paja: wina asaseke, wina asafewe. Ndipo sankalekera pabwalo. Mumsika, m'minibasi, pakhomo pa tchalitchi, akakumana chinali chipongwe chokhachokha, anthu n'kuwazungulira. Zaka zinapita osauzana mawu abwinobwino, ndipo iwo ankanyadira zimenezo.

Kenaka Mundia anayamba kutsokomola. Zinali zaka zija malole a maliro ankadutsa mu Dambwa tsiku ndi tsiku, ndipo munthu akaonda anzake ankangoyang'ana kumbali. Jekete linayamba kumulendewera. Malambo, poti ndiyo inali ntchito yake, anasandutsa kuondako nthabwala, ati Mlozi wauma ngati kansomba ka kapenta. Anthu anaikonda kuposa zonse. Zimandinyansabe, chifukwa ambiri mwa osekawo anali ndi wodwala kunyumba, ndipo ankadziwa bwino chimene akuona.

Tsiku lina m'mawa Sepo, mkazi wa Mundia, anafika pamtengo paja maso ali psuu.

"Ba Malambo, banzanu bakana ku chipatala. Manje bayamba kulavula magazi. Bamvela imwe chabe, bauzeni."

Malambo anasiya munthu mutu uli wometa mbali imodzi. Anachita mantha, ndipo njira yonse ankayeseza mawu, pakuti sankakumbukanso mmene munthu amalankhulira ndi Mundia popanda kumunyoza.

Anamupeza atagona pamphasa kuseri kwa nyumba. Oyandikana nawo, atangoona kuti awiriwa akumana, anasiya zochapa n'kubwera kumpanda.

"Mundia, sinisobela. Nyamuka, tiye ku chipatala lelo."

Sankasewera ayi, koma ananena ndi nkhope yake ija youma, poti ina analibe. Kumpanda kunamveka kuseka.

"Onani Mutonga!" anayankha Mundia, mawu ali osasa. "Afuna nigone mu wodi, atenge mukazi wanga."

"Nikamba zoona, iwe. Uzafa."

Apa ndiye anthu anachita kugwirana mapewa. Malambo anagwada pamphasapo, n'kumugwira dzanja mnzakeyo. Linali lotentha, mafupa okhaokha. Misozi inatsika, yeniyeni, ndipo mayi wina kumpanda anakuwa kuti lero ba Malambo aposa azungu. Sepo anaima pakhomo, chitenje chili kukamwa.

Mundia anatsokomola nthawi yaitali, n'kupukuta pakamwa ndi kansalu, n'kukalowetsa msanga pansi pa mphasa. Atapeza mpweya, anamuyang'anitsitsa Malambo, ndipo m'maso mwake munali chimwemwe cha munthu amene wapeza chinthu chabwino cha pantchito.

"Iyi ni yamphamvu, mbuya," anatero, maganizo ali kale pa Loweruka likudzalo. "Tizaichita pa ukwati wa pa Chibelu. Ine nizagona pansi, iwe uzilila so chabe."