Nthungululu Kumbali Yolakwika ya Bwalo

Ndinafika ku South Bend kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kudzaphunzira unamwino pa kakoleji kena ka mpingo. Mumzindawu muli yunivesite yaikulu imene mpira wake umaonetsedwa pa TV dziko lonse, ndipo Loweruka la masewero misewu inkathina mpaka basi ya m'tauni kumayenda ngati nkhono. Ife zimenezo tinalibe. Bwalo lathu linali kuseri kwa nyumba zogona, mabenchi achitsulo mbali imodzi yokha, ndipo kupitirira mapolo kunali mitengo imene mu Okutobala inkafiira ngati wina waiyatsa moto.

Ophunzira ochokera kunja tinkaloledwa kugwira ntchito pasukulu pokha. Ine anandipereka kwa mayi wina wamtali, wa mawu okhuthala, amene ankasamalira ovulala a timu ya mpira. Ntchito yanga inali kumanga akakolo a anyamata ndi tepi, kudzaza mabotolo a madzi ndi kuika ayezi m'timatumba. Mpirawo sindinkaumvetsa. Unali wosongoka ngati dzira, ndipo osewera ankathamanga pang'ono, n'kugwerana mulu, n'kudzuka, n'kukaunjikana kunong'onezana ngati achibale akukonza za maliro. Komabe madzulo a pabwalo paja ndinawakonda. Dzuwa linkapendeka msanga, udzu wodulidwa kumene unkanunkhira pamodzi ndi mankhwala opaka minofu, wezulo n'kumamveka ngati akulira kutali kwambiri. Nthawi zina ndinkaima botolo lili m'manja, maganizo atapita kwina, mpaka mayi uja andiitane kachiwiri.

Abale anga ku America anali malume okha, mlongo wa amayi anga, amene ankakhala ku Beech Grove, chakum'mwera kwa Indianapolis. Ankagwira ntchito yoyeza magazi pa chipatala. Ali mnyamata ku Zomba anali goloboyi wa timu ya sekondale, ndipo nkhani ya mapenate amene anagwira sinkatha. Mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, anabwera kuno ali wakhanda. Malume anamuphunzitsa kumenya mpira kuseri kwa nyumba asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato, akuti akulera katswiri wa mpira wa kwathu. Mnyamatayo atakula anatenga phazi lomwelo n'kukalipereka ku mpira wa dzira. Pa kakoleji kena ka ku Indianapolis anakhala womenya mpira, munthu amene amalowa kamphindi chabe kudzaukankha kuti udutse pakati pa mapolo, kenako n'kubwerera pa benchi.

Malume zinawawawa. Sanakalipe, koma Loweruka lililonse la masewero ankapezeka kuti ali ndi shifiti. "Ine ndikaonere mwana wanga akupondedwa ndi zimphona?" ankatero. "Umenewo ndi mpira kapena ndewu yovala zisoti?"

Tsono zinangochitika kuti koleji ya msuweni wanga ndi yanga zinali pa udani wakalekale. Ankalimbirana fosholo. Inde, fosholo yeniyeni, yakutha kukamwa, chogwirira chake chopakidwa mitundu ya masukulu onse awiri. Ankati kale kwambiri sinowo anakwirira bwalo tsiku la masewero, ophunzira a mbali zonse n'kulikolopa okha ndi fosholo imeneyo, ndipo opambana anapita nayo kwawo. Kuyambira pamenepo wopambana amaisunga chaka chathunthu. Nditangofika inali ku koleji yathu, m'bokosi la galasi pakhomo la holo yodyera, ndipo anyamata ankagogoda galasilo akamadutsa.

Kwathu msuweni ndi munthu woti uzimunyoza mmene ungathere, palibe mlandu. Ine ndi iyeyu chisuweni chathu chinapeza pogwira. Ndinkamuimbira foni n'kumulankhula m'Chichewa, iye n'kumayankha m'Chingerezi monga achitira ana okulira kuno, koma palibe mawu amene ankamuphonya.

"Asuweni, fosholo yanu ija ikupereka moni. Yati isakunamizeni, kuno yakhazikika."

Iye ankaseka n'kundiuza kuti ndiipukute bwino, asadzaitenge ili ndi fumbi.

Chaka changa chachitatu matimu onse awiri anachita bwino kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Pofika Novembala mawu amene ankamveka paliponse anali akuti mapuleyofu, ndime ya chipulula imene matimu ochepa a makoleji ang'onoang'ono amasankhidwa kuti akalimbirane ukatswiri wa dziko lonse. Koleji yathu inali isanalowepo. M'chipinda chathu cha ovulala anyamata ankagona chagada pa matebulo, ayezi ali pa mawondo, maso ali kudenga, n'kumalota mokweza. Tikawina ife, ndiye timu ina ya ku Ohio imene tinkalimbirana nayo malo ikaluza, ndiye akuluakulu osankha akakumbukira kuti tinagonja ndi pang'ono pokha mu Seputembala. Wina ankati tidzakwera ndege. Wina, mnyamata wonenepa wa ku mafamu amene ankaima kutsogolo kotchinga anzake, ankati agogo ake adzamuona pa TV asanamwalire. Ine ndinkazunguliza tepi ndikumvetsera, ndipo mosadziwa ndinayamba kunena kuti "ife".

Masewero otsiriza anali a fosholo, ndipo chaka chimenecho anali ku Indianapolis. Tinanyamuka m'mawa pa basi ya timu. Dziko la pakati pa mizinda iwiriyi ndi lathyathyathya, minda ya chimanga chokololedwa kale mpaka kumene maso alekezera, koma tsiku limenelo maso sankapita patali. Kunali nkhungu. Nkhokwe zachitsulo za m'mafamu zinkatulukira mwadzidzidzi pambali pa msewu n'kuzimiriranso. M'basi munali zii, aliyense ali ndi nyimbo zake m'makutu. Fosholo inali pampando wakutsogolo, atayimanga lamba ngati munthu.

Tinkati dzuwa likakwera nkhungu ichoka. Sinachoke. Titaima m'mbali mwa bwalo, anthu a tsidya linalo ankaoneka ngati zithunzi zofufutika, ndipo bandi yawo inkamveka osaoneka. Pamwamba pa mabenchi awo ndinazindikira kagulu ka mitundu yowala. Anali anti, akazi a malume, ndi amayi ena a kwathu ochokera ku Beech Grove ndi ku Speedway, atafunda zitenje pamwamba pa majekete. Malume panalibe.

Masewero anayenda mothinana. Ife tikagoletsa, iwo ankabweza. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, msuweni wanga analowa kudzamenya. Ndinamudziwa ndi kayendedwe, chifukwa pansi pa chisoti nkhope sioneka. Anabwerera m'mbuyo, anathamangira mpira, phazi lake loimira linaterereka pa udzu wonyowa, mpira n'kupita kumbali ngati nkhuku yothawa. Mbali yathu inakuwa ndi chimwemwe. Phokoso litangotsika, panamveka mawu amodzi kuchokera ku mpanda wa waya kuseri kwa mapolo.

"Phazi lakumanzere, iwe! Ponda kaye, usathamangire!"

Chichewa, pakati pa Indiana, m'nkhungu. Ndinatembenuka. Ku mpandako kunali munthu wovala jekete lalikulu, m'munsi mukuoneka buluku lobiriwira la kuchipatala, zala atakola mu waya. Malume sanalowe pageti. Anaima panja ngati munthu wongodutsa amene waima mwangozi. Msuweni wanga naye anamva. Anaima kanthawi atayang'ana kumeneko, kenako anathamangira ku benchi kwawo.

Pa nthawi yopuma ndinalibe mpata wopita kukawalonjera. Mnyamata wa ku mafamu uja anali atapotokola kakolo ndipo tinkamumanganso. Ankalumira mano n'kumandiuza kuti ndimange kwambiri, chigawo chimodzi chokha chatsala.

Chigawo chachiwiri ndimachikumbuka ngati maloto. Nkhungu inakhuthala, magetsi a pabwalo anayatsidwa masana, ndipo kuwala kwake kunkangolendewera m'mwamba osafika pansi. Osewera ankalowa mu utsi woyerawo n'kutulukamo ali ndi matope. Nthunzi inkafuka pamitu pawo akavula zisoti. Nthawi ili pafupi kutha tinali patsogolo ndi pang'ono, ndipo anyamata a pa benchi anali atagwirana kale manja. Koma adani athu anakankha mpaka kufika pakati pa bwalo, n'kupitirirako pang'ono, n'kuima. Panatsala mpata wa kumenya kamodzi. Unali mtunda wautali, woti kochi wathu anapukusa mutu n'kumwetulira.

Msuweni wanga analowa. Anayang'ana pansi, anapondaponda ndi phazi lakumanzere pamalo pamene ankafuna kuima, ngati munthu woyesa ngati mlatho uli wolimba. Ku mpanda kunali chete. Mpira unaponyedwa, mnzake anauimika, iye anaumenya.

Unakwera n'kulowa m'nkhungu, osaonekanso. Bwalo lonse linangoti kakasi. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, koma ndinamva galimoto ikudutsa mumsewu kutali. Kenako pansi pa mapolo, oimbira mpira awiri ovala malaya a mizeremizere anakweza manja onse m'mwamba. Wadutsa.

Nthungululu inatuluka yokha. Sindinaiganizire. Ndinangozindikira kuti dzanja lili pakamwa, lilime likugwira ntchito yake, ndipo tsidya linalo anti ndi anzawo akundiyankha. Nditatsegula maso ndinali pakati pa anyamata athu, nditavala jekete la koleji yathu, tepi ili m'thumba. Ena anali atagwada, ena akulira. Amene anali pafupi ankandiyang'ana ngati ndagwidwa ndi matenda. Mayi wa ovulala uja anandigwira paphewa.

"Uli bwino?"

"Ndi m'bale wanga," ndinatero, ndikuloza. "Womenyayo."

Anayang'ana kubwalo, anayang'ana ine. "Nyamula mabotolo," anatero.

Ndikutolera mabotolowo ndinaona fosholo ikudutsa pamwamba pa mitu ya anthu, ikupita. Ndinaonanso msuweni wanga akuzemba m'gulu la anzake n'kuthamangira ku mpanda. Sindinamve zimene analankhulana. Malume ankaonetsa ndi mwendo wawo mmene phazi liyenera kupondera, ndipo mnyamatayo, chisoti chili m'manja, ankangogwedeza mutu. Waya unali pakati pawo.

Pobwerera m'basi ndinakhala ndekha, nditatsamira zenera. Palibe anandilankhula mpaka titatuluka mumzinda. Ndiye mnyamata wa ku mafamu uja anabwera akutsimphina n'kudzigwetsa pampando wa pafupi nane. Maso ake anali ofiira. Chinali chaka chake chomaliza.

"Phokoso lija," anatero, "umalipanga bwanji?"

Ndinamuuza kuti ndi la akazi, la pa ukwati kapena mwana akabadwa. Anati alibe nazo ntchito, ndimuonetse. Anayesa, zinamveka ngati mbuzi yakodwa pa chingwe. Wa kumbuyo anaseka, wina anayesanso, ndipo kwa kanthawi basi yonse inali kulira ngati khola. Kochi sanatembenuke. Kenako kunakhalanso chete, ndipo ambiri anagona.

Mawa lake, Lamulungu masana nditabwera ku tchalitchi, foni inalira. Anali malume, ndipo sanayambe n'komwe ndi moni.

"Wamva zimene achita anthu awa? Atisiya! Asankha a ku Ohio aja!"

"Akusiyani ndani, malume?"

"Ifeyo! Timu yathu! Iwowo anasewera ndi matimu ofooka okhaokha chaka chonse, ife tagonjetsa inuyo amene munali amphamvu. Ndiye chilungamo chili pati pamenepa?"

Anandifotokozera kwa nthawi yaitali mmene kasankhidwe kamayendera, matimu amene anayenera kuluza koma sanaluze, ndi anyamata amene adzatsale chaka chamawa. Anati kutsogolo kuli bwino koma otchinga akufunika kuwonjezera. Ndinawafunsa kuti zonsezi anazidziwa liti. Anati munthu ukamayeza magazi Loweruka, wailesi imakhala yotsegula.

"Nanga msuweni wanga ali bwanji?"

"Ameneyo? Wagona pa sofa. Akuti bola apume. Mwana wopanda mtima."

Kumbuyo ndinamva anti akuseka, akuti andiuze kuti mawu anga anamveka bwino kuposa a onse.

Titamaliza ndinakhala pazenera la chipinda changa, limene linkayang'ana kubwalo lathu. Munalibe munthu. Atsekwe akutchire, aja amadutsa nthawi imeneyi akupita kofunda, anali atatera pakati penipeni n'kumadya udzu mosatekeseka, akuyenda pang'onopang'ono kudutsa mizere yoyera. Ndinali ndi mayeso a za mankhwala Lolemba, buku lili pamiyendo, koma ndinawayang'ana mpaka anauluka.